Mutu wa mbali imodzi ndi mphuno yotseka: kodi ndi sainasi kapena mtsempha?

Funso: A dokotala, amuna anga ali ndi zaka 36. Chaka chatha mutu unawavuta pafupifupi miyezi iwiri, kenako unaleka. Pano wayambiranso. Umawadzutsa cha m'ma 1 koloko usiku, umapweteka kuseri kwa diso lakumanja basi, ndipo pakatha ola limodzi umasiya ngati palibe chinachitika. Nthawi imeneyo diso limafiira n'kumatuluka misozi, mphuno mbali yomweyo imatseka, ndipo sakhazikika, amangozungulira m'nyumba atagwira mutu. Kuchipatala anati ndi sainasi. Amwa amoxicillin kangapo, tawafukiza ndi masamba a bulugama, koma ayi ndithu. Mwana wa achemwali anga anawerenga pa intaneti za trigeminal neuralgia, akuti mwina ndi imeneyo. Kodi mphuno yotseka ingapweteketse mtsempha wa m'mutu chonchi? Mayi wa ku Dedza.

Yankho: Mayi, kalata yanu ili ndi zinthu zimene odwala ambiri satiuza pokhapokha titafunsitsa: nthawi imene mutu umayamba, kutalika kwake, mbali yake, ndiponso zoti unalekapo wokha. Pa nkhani ya mutu, zimenezi zimatsogolera dokotala kuposa chithunzi cha X-ray. Bambo sindinawaone, ndiye mawu angawa asalowe m'malo mwa kukapimidwa. Komabe malinga ndi zimene mwafotokoza, sindikukhulupirira kuti ndi sainasi, ndipo sindikukhulupiriranso kuti ndi trigeminal neuralgia. Zikufanana ndi nthenda ina ya mtsempha womwewo, yotchedwa cluster headache. Pa nthenda imeneyi si mphuno imene imadwalitsa mutu ayi. Ululuwo ndi umene umatseka mphuno.

Tione kaye mtsempha wake. Chilichonse chimene munthu amamva pankhope, kaya ndi kamphepo, kaya ntchentche yatera patsaya, kaya dzino likuwawa, uthenga wake umapita ku ubongo kudzera mu mtsempha wotchedwa trigeminal. Ulipo umodzi kumanja ndi wina kumanzere, ndipo uliwonse uli ndi nthambi zitatu. Yoyamba imapita pachipumi, m'diso ndi pamwamba pa mphuno. Yachiwiri imapita patsaya, m'mbali mwa mphuno, mlomo wam'mwamba ndi mano am'mwamba. Yachitatu imatsikira ku nsagwada ndi mano am'munsi. M'kati mwa mphuno ndi m'timphako ta m'mafupa a nkhope, tomwe anthu amati masainasi, mumafika nthambi yoyamba ndi yachiwiri. Khungu lokuta ubongo ndi mitsempha yake ya magazi nazonso zimatumiza ululu kudzera mu nthambi yoyamba. Ndiye ululu wochokera m'mphuno, m'dzino lam'mwamba kapena m'kati mwa mutu umadzera njira imodzi, ndipo wodwala amaloza malo amodzimodziwo: pachipumi, kuzungulira diso, patsaya.

Pali chinanso. Mtsempha umenewu ukatekeseka kwambiri, tsinde la ubongo limabweza uthenga kudzera mu mtsempha wina mpaka kukafika pa kamfundo ka mitsempha kamene kali kuseri kwa mphuno, kotchedwa sphenopalatine ganglion. Kamfundo kameneka n'kamene kamalamula misozi, mamina ndi kutukuka kwa timitsempha ta magazi ta m'mphuno. Timitsemphati tikatukuka, mnofu wa m'mphuno umatupa, mpweya n'kusowa podutsa. Mwaziona kale izi patebulo panu. Munthu akaluma kambuzi waukali, misozi imalengeza, mamina amadzimadzi n'kuyamba kutsika, chonsecho alibe chimfine ngakhale pang'ono. Tsabola wapsereza mtsempha wa trigeminal, ndipo diso ndi mphuno zayankha. Kwa bambo zikuchitika zomwezo, kungoti chotekesa mtsemphacho chikuchokera m'kati, ndipo chikugunda mbali imodzi yokha. N'chifukwa chake mphuno yakumanzere imakhala bwinobwino pamene yakumanja yatseka, ndipo ululu ukatha yakumanjayo imatsekukanso yokha.

Musadandaule kuti munasochera. Madokotala nawonso anaimba mlandu mphuno kwa nthawi yaitali. Mu 1908 Greenfield Sluder, katswiri wa mphuno ndi khosi wa ku St. Louis ku America, anafotokoza za odwala mutu wa mbali imodzi amene ankatuluka misozi ndi kutseka mphuno, ndipo iye ankaganiza kuti matenda a m'masainasi ndiwo ankaputa kamfundo kaja. Masiku ano akatswiri ambiri amaona kuti ochuluka mwa odwala oterewa anali ndi cluster headache kapena matenda apachibale ake.

Sainasi yeniyeni ilipo, ndipo imapweteka, koma mayendedwe ake ndi ena. Imabwera pambuyo pa chimfine. Mamina amakhala olimba, achikasu kapena obiriwira, nthawi zina onunkha. Munthu samva bwino fungo, thupi limatha kutentha, nkhope imalemera makamaka akawerama. Ululu wake umakhalapo tsiku lonse kwa masiku angapo. Sudzutsa munthu 1 koloko n'kuzimiririka 2 koloko, mawa n'kubweranso nthawi yomweyo. Mafinya alibe wotchi. Komanso sainasi yambiri imayamba ndi mavairasi ndipo imatha yokha. Timayamba kuganiza za maantibayotiki ikapitirira masiku 10 osasintha, kapena munthu akayamba kupeza bwino kenako n'kudwalanso kwambiri. Ndikuganiza kuti chaka chatha mutu utaleka, panyumba panu munati amoxicillin wagwira ntchito. Apa m'pamene anthu ambiri amakodwa. Cluster headache imabwera m'nyengo ya masabata angapo kapena miyezi ingapo, kenako imaleka yokha kwa miyezi kapena zaka. Mankhwala alionse amene munthu anamwa chakumapeto kwa nyengoyo ndiwo amatamandidwa, kaya ndi makapisozi, kaya kufukiza, kaya mphini zimene agogo anatema m'litsipa.

Nanga trigeminal neuralgia ndaikaniranji? Funso limene ndimayamba nalo kwa aliyense wodandaula ululu wa pankhope ndi lakuti: ukayamba, umatenga nthawi yaitali bwanji usanasiye? Wa trigeminal neuralgia sufika n'komwe ola. Umathwanima ngati magetsi, kamphindi kochepa mpaka mphindi 2, kenako zii, n'kubweranso kambirimbiri patsiku. Kawirikawiri umagwira tsaya kapena nsagwada, osati kuseri kwa diso. Ndipo umachita kuputidwa ndi tinthu topanda pake: kutsuka mano, kutafuna, kuyankhula, kusamba kumaso, kamphepo ka mu June. Mayi wachikulire wodwala nthendayi mumamudziwa asanayankhule. Amalowa ataphimba tsaya ndi chitenje koma osalikhudza, amayankhula osatsegula pakamwa, mbali imodzi ya nkhope sanaisambe, ndipo waonda chifukwa nsima akuiopa. Mukamufunsa pamene pakupweteka, chala amachiimika chapatali, sachifikitsa pakhungu. Ambiri amafika atazulitsa kale mano abwinobwino. Nthendayi imakonda anthu opitirira zaka 50, akazi koposa amuna, ndipo nthawi zambiri chimayambitsa ndi mtsempha wa magazi umene wagona pa mtsempha wa trigeminal pamene ukutuluka m'tsinde la ubongo, n'kumaukhula mpaka chikuto chake kuperepeseka. Sikawirikawiri kudzutsa munthu m'tulo. Misozi pang'ono ingatuluke, koma mphuno yotseka si chizindikiro chake chachikulu. Wachinyamata akapezeka nayo, kapena pakakhala dzanzi pankhope, timafuna kujambula ubongo kuti tione ngati palibe chotupa kapena matenda a multiple sclerosis, amene amawononga chikuto cha mitsempha ya mu ubongo.

Poti ena owerenga ali nayo, ndinenepo za mankhwala ake. Panado ndi Brufen sachita kanthu pa trigeminal neuralgia. Mankhwala oyamba ndi carbamazepine, omwe aja amaperekedwa kwa odwala khunyu, ndipo amathandiza ambiri. Koma si ongopemphana kwa aneba. Amafooketsa mapilitsi olera ndi njira ya kulera yoika pamkono, moti mayi angatenge pakati asakuyembekezera. Amachepetsanso mphamvu ya dolutegravir, amene ali mu ma ARV omwe anthu ambiri akumwa ku Malawi ndi ku Zambia, choncho a ku kiliniki ya ma ARV ayenera kudziwa kuti akonze mlingo. Munthu akatuluka totupa pakhungu kapena zilonda m'kamwa m'masabata oyamba, asiye n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala akakanika, pali opaleshoni yosiyanitsa mtsempha wa magazi uja ndi wa trigeminal.

Tibwerere kwa bambo. Cluster headache imagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 1,000, amuna koposa akazi, ndipo imakonda kuyamba pakati pa zaka 20 ndi 40. Ululu umakhala mbali imodzi, m'diso, kuseri kwake kapena m'litsipa, ndipo umatenga mphindi 15 mpaka maola 3. Ungabwere kamodzi pa masiku awiri, ungabwerenso mpaka ka 8 patsiku. Mbali yomweyo diso limafiira, misozi imatsika, mphuno imatseka kapena kuchucha mamina amadzimadzi, chikope chimatupa kapena kugwa pang'ono, ndipo ena amatuluka thukuta pachipumi. Mwalemba kuti sakhazikika. Mawu amenewo ndi amtengo wapatali kwa dokotala. Wodwala mutu waching'alang'ala amafuna kugona phee m'chipinda chamdima, osagwedezeka. Wa cluster headache sangathe kugona. Amayendayenda, amagwedeza thupi, amafinya diso ndi chikhatho, ena amagunditsa mutu kukhoma kapena kutuluka panja pakati pa usiku.

Kusunga nthawi kwake kuli ndi chifukwa. M'kati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa hypothalamus, komwe kamayendetsa nthawi ya tulo ndi yodzuka. Mu 1998 ofufuza a ku London anajambula ubongo wa odwala ululu uli m'kati, ndipo anaona kuti kachigawo kameneka kamatakataka pa nthawiyo. Ndiye gwero la nthendayi lili m'kati mwa ubongo, kutali ndi kumene nthunzi ya bulugama ingafike. Ichi sichikutanthauza kuti muli chotupa. Mwa odwala ambiri chithunzi cha ubongo chimatuluka chabwinobwino.

Kayeseni kukumbukira ngati bambo anamwapo mowa m'nyengo imeneyi. Ambiri odwala cluster headache akangolawa ngakhale botolo limodzi, ululu umayamba ola lisanathe, pamene nyengo ikadutsa amamwa popanda vuto. Ambiri amausiya okha mowawo asanauzidwe n'komwe. Ngati zili choncho, kauzeni adokotala.

Ndinene mosabisa kuti ululu umenewu uli m'gulu la ululu woopsa kwambiri umene madokotala amaudziwa. Popeza masana munthu amaoneka wabwinobwino, achibale ndi akuntchito amayamba kunena kuti akudzichititsa, ena n'kumati alodzedwa. Odwala ena amafika poganiza zodzipha. Afunseni bambo mwachindunji, nthawi imene ali bwino, ngati maganizo otere amawabwerera. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Akavomera, imeneyo ndi nkhani yopita nayo kuchipatala mwamsanga.

Kwa owerenga ena amene akuti "inenso ndili ndi mutu wa sainasi", ambiri mwa inu si cluster headache, chifukwa imeneyi ndi yosowa. Chofala ndi mutu waching'alang'ala, umene madokotala amati migraine. Umatenga maola 4 mpaka masiku 3, umagunda ngati mtima, umabwera ndi nseru, kudana ndi kuwala ndi phokoso, ndipo umakula munthu akamayenda kapena kuwerama. Nawonso umadzera mu mtsempha wa trigeminal, choncho umatha kutseka mphuno, kulengezetsa misozi ndi kulemeretsa masaya. Kafukufuku wina wa ku America wofalitsidwa mu 2004 anapima anthu pafupifupi 3,000 amene ankati ali ndi mutu wa sainasi, ndipo 88 mwa 100 alionse anapezeka ndi mutu wa mtundu wa migraine. Chimene chimasokoneza kwambiri n'chakuti fumbi la mu October, utsi wa nkhuni, fungo la perefyumu ndi kusintha kwa nyengo zimaputa migraine komanso zimaputa mphuno. Munthu amaona ziwirizi zikubwera limodzi n'kuweruza kuti china chabereka chinzake.

Palinso matenda ena ochepa a m'banja lomweli. Occipital neuralgia imayambira kunkhongo n'kukwera pamwamba pa mutu, ngati kubaya kapena kuthwanima, ndipo khungu la m'mutu limawawa ngakhale popesa. Mitsempha ya kumtunda kwa khosi imakumana ndi ya trigeminal m'munsi mwa tsinde la ubongo, motero ululuwo umatha kumveka mpaka kuseri kwa diso, koma mphuno yotseka si mbali yake yeniyeni. Paroxysmal hemicrania imafanana kwambiri ndi ya bamboyi, kungoti ululu wake ndi waufupi, mphindi 2 mpaka 30, wobwera kambiri patsiku, ndipo imamvera mankhwala amodzi okha, indomethacin. Mashingozi nawo amatha kugwira nthambi yoyamba ya trigeminal. Ululu wowotcha umayamba masiku angapo matuza asanatuluke pachipumi, ndipo matuza akafika pansonga ya mphuno diso lili pangozi. Aciclovir amathandiza kwambiri akayambidwa m'maola 72 matuza atatuluka, ndipo wodwalayo ayezetsenso HIV. Kwa ena ululu umatsalira miyezi khungu litapola kale.

Kodi ndiye kuti mphuno siyambitsa konse ululu wa mtsempha? Nthawi zina imayambitsa. Matenda a sainasi yakuya, imene ili kuseri kwenikweni kwa mphuno pafupi ndi mitsempha imeneyi, angabweretse mutu woopsa popanda mamina ambiri. Chotupa cha m'mphuno kapena cha kuseri kwake chingapanikize nthambi ya trigeminal. Koma pamenepo mphuno imatseka mbali imodzi osatsekukanso, sabata ndi sabata, mwina ndi mamina osakanikira magazi, dzanzi patsaya, khutu lotseka, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena mwanabere pakhosi. Zimenezo n'zofuna katswiri wa makutu, mphuno ndi khosi, monga amene ali ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndipo n'zosadikira. Ya bambo imatsekuka pakatha ola, ndipo ichi chimandikhazika mtima pansi. Pali ena amene amauzidwa kuti chichereŵechereŵe cha pakati pa mphuno chinapindika n'kumakhudza mnofu wa m'mbali, ndiye mutu ukuchokera pamenepo. Akatswiri sagwirizana pa mfundo imeneyi, chifukwa anthu ambirimbiri ali ndi mphuno yopindika m'kati koma mutu suwapweteka. Ine sindingalimbikitse munthu kuchititsa opaleshoni ya mphuno chifukwa cha mutu wokha, migraine ndi cluster headache zisanafufuzidwe n'kuyesedwa mankhwala ake.

Chenjeraninso ndi mankhwala odontheza kapena opopera m'mphuno monga xylometazoline. Amatsegula mphuno nthawi yomweyo, koma akapitirira sabata imodzi mphuno imazolowera n'kumatseka koposa kale akangotha mphamvu. Mapilitsi a ululu nawo ali ndi msampha wofanana: kumwa Panado kapena Brufen masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kapena osakaniza ndi codeine masiku 10, kwa miyezi yopitirira itatu, kumabweretsa mutu wina wa tsiku ndi tsiku pamwamba pa woyambawo. Kwa bambo mapilitsiwa ndi ongotaya ndalama. Pamene akuyamba kugwira ntchito m'thupi, ululu umakhala ukutha kale wokha.

Ngati adokotala atatsimikiza kuti ndi cluster headache, chithandizo chili pawiri. Choyamba n'chodula ululu ukayamba. Mpweya wa okosijeni wokhawokha, malita 12 mpaka 15 pa mphindi, kudzera pa chophimba pakamwa ndi mphuno chokhala ndi kathumba, munthu atakhala tsonga, umaziziritsa ululu mwa odwala ambiri m'mphindi 15 kapena 20. Pamafunika silinda. Timakina tambiri topanga okosijeni ta m'mawodi timatulutsa malita 5, tina 10, ndipo timachubu ta m'mphuno sitikwanira. Jakisoni wa sumatriptan wobaya pansi pa khungu amagwiranso msanga, koma ndi wodula, sapezeka paliponse, ndipo ndi wosayenera kwa odwala mtima kapena a BP yosatsika. Ndikudziwa kuti kwa banja lokhala kutali ndi chipatala, ululu wa 1 koloko usiku umatha galimoto isanapezeke. N'chifukwa chake kwathu kuno mbali yachiwiri, yoteteza kuti ululu usabwere, ndiyo yofunika kuigwiritsitsa. Mankhwala oyamba ndi verapamil, amene ambiri amawadziwa ngati a mtima ndi BP. Mlingo wake umakwezedwa pang'onopang'ono, ndipo pokweza paliponse amayenera kujambula kagundidwe ka mtima ndi ECG, chifukwa amatha kuuchedwetsa. Podikira kuti agwire, adokotala amatha kupereka prednisolone wa masiku ochepa, kapena jakisoni wa kunkhongo wogonetsa mtsempha wa occipital. Nyengo ikadutsa, mankhwala amachepetsedwa mpaka kusiya. Mowa auleke kotheratu mpaka nyengoyo ithe, ndipo nthawi yogona isamasinthesinthe.

Chimene mungachite kuyambira usiku uno ndi ichi. Tengani kope, muzilemba tsiku, nthawi imene ululu wayamba ndi imene wasiya, mbali yake, zimene diso ndi mphuno zachita, ndi zimene anadya kapena kumwa madzulo. Ululu uli m'kati, ajambuleni nkhope ndi foni, pafupi, maso onse awiri akuoneka. Masana kuchipatala adzafika ali bwinobwino, ndipo chithunzi cha diso limodzi lofiira, chikope chogwa ndi misozi mbali imodzi chidzanena zimene pakamwa sipangathe. Mukalowa kwa adokotala musayambe ndi mawu akuti "sainasi yawayambanso", chifukwa pamzere wautali mawu amenewo amatseka nkhani isanayambe. Nenani kuti mutu wa mbali imodzi, wa ola limodzi, wa nthawi yofanana usiku uliwonse, umene unabweranso chaka chatha n'kuleka. Onetsani kabuku ka kuchipatala kuti aone maantibayotiki onse amene alephera, ndipo funsani mwaulemu ngati singakhale cluster headache. Pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu. Pamene n'zotheka, munthu wopezeka ndi nthendayi koyamba amayenera kujambulidwa ubongo kamodzi ndi makina otchedwa MRI, chifukwa mwa apo ndi apo chotupa cha pafupi ndi pituitary, kachiwalo kamene kali pansi pa ubongo, chimatengera zizindikiro zomwezi.

Musadikire kope kudzaza ngati mutaona china mwa izi: mutu wofika pachimake mwadzidzidzi m'mphindi imodzi, kutentha thupi ndi kuuma khosi, kusokonezeka mutu, kukomoka, kufooka kwa mkono kapena mwendo, kutupa kozungulira diso, kapena diso lofiira lomwe layamba kuona mwachimbuuzi munthu akusanza. Ngati bambo ali ndi HIV, mutu watsopano kapena wosintha mayendedwe uyenera kufufuzidwa msanga chifukwa cha matenda oumitsa khosi a cryptococcus, ndipo thupi likatentha ayezetsenso malungo.

N'kutheka kuti pofika tsiku lokaonana ndi katswiri mutu udzakhala utaleka wokha ngati chaka chatha. Mupitebe, kope ndi zithunzi zili m'manja, kuti nthendayo ilembedwe m'kabuku ndi dzina lake, pamodzi ndi mankhwala oti ayambe sabata yoyamba ikadzabweranso.